Tinawadya Mamilya Kampani Isanagwe

Ntchito yanga ku ofesi ya zamaphunziro ya provinsiya inali ya misonkhano yambiri. Chaka chilichonse ankanditumiza ku Maputo, mwina ku Beira, kukakhala pansi ndi anzanga ochokera m'madera ena n'kumakambirana za aphunzitsi ndi mabuku. Kuchoka ku Lichinga kukafika ku Maputo pamsewu ndi ulendo wodya masiku, motero ofesi inkatigulira matikiti a ndege. Tsiku lina ndikupereka chikwama changa ku bwalo la ndege, mayi wa pa balkau, tebulo lolandirira apaulendo, anandifunsa ngati ndili ndi kartau ya mamilya. Sindinkadziwa n'komwe kuti n'chiyani. Anandifotokozera kuti ndikakwera ndege yawo kampani izindilembera mamilya malinga ndi kutalika kwa ulendo, ndipo akadzachuluka ndidzatenga tikiti popanda kulipira. Ndinavomera monga mmene munthu amalandirira basela kwa wogulitsa nyemba pamsika, osayembekezera zambiri.

Koma zinthu zosungidwa zimakoma zikayamba kuchuluka. Patapita zaka ndinayamba kumatsegula telefoni n'kumawayang'ana mamilya aja ngati mbewu ya m'nkhokwe. Amuna anga ankandiseka, amvekere ndaweta nkhuku zamumlengalenga zimene palibe anazionapo zikuikira. Ine ndinkawayankha kuti tsiku limene ndidzawakweze ndege kupita kunja adzasiya kuseka. Umenewo ndiwo unali mtima wanga, kuti ndikadzapuma ntchito tidzapite awiri kutali, kumene sitinafikeko.

Ku ofesi kunali bambo wina wa tebulo loyandikana ndi langa, munthu wansangala, wokonda mpira kuposa chakudya. Iye ankayenda kwambiri kuposa ine ndipo mamilya ake anali phiri. Ankawasungira ulendo wa ku Portugal kuti akaonere timu yake ndi maso ake, atakhala m'bwalo lenilenilo. Akabwera kuulendo ankayamba kundionetsa telefoni asanandipatse moni.

Kunyumba kwathu ku Sanjala, bairo kapena kuti dera la mu Lichinga momwemo, tinkakhala ndi ababa. Anasamukira kwathu amayi atamwalira. Anali kalipentala, ndipo ngakhale manja anali atayamba kunjenjemera sankatha kukhala osagwira thabwa. Kuseri kwa nyumba anali ndi kamsasa kawo kodzaza zipalapala za paini, ndipo fungo lake linkalowa mpaka m'zovala zathu. Vuto lawo linali chiuno. Kukwera shapa, timinibasi ta m'tauni, kungochoka ku Sanjala kupita ku tchalitchi cha ku Chiuaula kumene anazolowera kupemphera, ankafika atatuluka thukuta ndi ululu, ngakhale mu Juni pamene aliyense amayenda atakumbatira manja.

Ababa anali ndi mlongo wawo mmodzi, wamng'ono kwa iwo. Nthawi ya nkhondo, mudzi wathu utabalalika, ife tinayenda wapansi kulowera ku Mandimba mpaka kuwolokera ku Malawi. Ine ndinali kamwana, ndipo sukulu ndinakayambira komweko. Azakhali anali atakwatiwa ndi munthu wa ntchito ya njanji, choncho iwo anathawira ku Cuamba, kenako ku Nampula. Titabwerako, uthenga unkayenda ndi anthu apaulendo. Matelefoni atafika, awiriwa ankalankhulana Lamlungu lililonse ababa akabwera kutchalitchi. Koma maso ndi maso sanaonanenso chibalalikire. Poyamba kunalibe msewu wabwino ndi ndalama. Pamene izi zinapezeka, azakhali anali akudwazika amuna awo kwa zaka, ndipo chiuno cha ababa chinali chitakana kale maulendo a basi. Tonse tinazolowera kuti azakhali ndi mawu a m'telefoni.

Chaka chimenecho ndege za kampani ija zinayamba kujomba. Unkapita ku bwalo n'kuuzidwa kuti ubwere mawa. Pawailesi ananena kuti kampaniyo yamira m'ngongole ndipo ndege zake zina zangoima. Mu ofesi nkhani inali yomweyo. Ena ankati boma silingalole kuti igwe, ena ankati yagwa kale, kwangotsala kulengeza. Mnzanga wampira uja ankati mamilya ndi ake, anawakhetsera thukuta, palibe angawakhudze. Ine mtima sunakhale pansi, ndipo tsiku lina popuma masana ndinapita ku ofesi ya kampaniyo m'tauni.

Ndinapeza mayi yemwe uja amene anandilembetsa kartau, tsopano ali ndi imvi zingapo ngati ine. Munalibe anthu. Ndinamufunsa mosabisa kuti mamilya anga zidzawathera bwanji kampani ikagwa. Anayang'ana kuchitseko, kenako anandiuza motsitsa mawu kuti mamilya si ndalama yosungitsa ku banki, ndi lonjezo chabe la kampani. Kampani ikalephera, otsala amagawana zimene zilipo motsatira mzere, ndipo kutsogolo kumakhala boma, mabanki ndi antchito. Wa mamilya amaima kumchira, ngati n'komwe amamulola kuima. Anati nthawi zina kumabwera kampani ina kudzagula yakugwayo n'kuvomera malonjezo ake, koma nthawi zina imagula ndege zokha n'kusiya zinazo.

"Sindikudziwa ngakhale za ntchito yanga yomwe," anatero. "Koma mukanakhala achemwali anga ndikanakuuzani kuti adyeni akadali otentha."

Tinayang'ana limodzi pa kompyuta. Za kunja panalibe n'komwe, mipando ya mamilya anali ataitseka. Ku Maputo kunalinso kodzaza. Kumene kunali malo kunali ku Nampula. Mamilya anga ankakwana anthu awiri kupita, koma osati kubwerera. Atangotchula Nampula, ndinaona nkhope ya ababa ili pa telefoni Lamlungu, akufuula ngati kuti mawu awo ayenda okha mtunda wonsewo. Sindinafunse munthu. Ndinapereka dzina langa ndi la ababa, ndinalipira kamsonkho kamene mamilya salipira, n'kutuluka ndi matikiti. Zobwerera ndinati tidzagula komweko.

Amuna anga nditawauza anaseka mpaka kukhala pansi. Anati ulendo wawo wakunja wathera pa Nampula, ndiponso okwera si iwo. Koma anati ndachita bwino, ndipo anali iwo amene anakaitana ababa kumsasa.

Ababa anamvetsera atagwira chopalira matabwa m'manja. Nditamaliza anakana. Anati iwo ndi kalipentala, sakwera chinthu chimene sanaone mmene anachilumikizira. Anati ndege zimene amazidziwa iwo ndi zija zinkadutsa pamwamba pa mudzi anthu n'kumathawira m'tchire. Anawonjezera kuti ngati kampaniyo yasowa ndalama, ndani akudziwa ngati ikugula mafuta okwanira. Ndinawasiya, poti ndimawadziwa. M'mawa mwake ndikutuluka kupita kuntchito ndinawapeza pakhonde akupukuta nsapato zawo zakutchalitchi. Linali Lachitatu. Sanandiyang'ane, anangondifunsa ngati m'ndege amalola mpando.

Mpandowo unali kampando kakang'ono kopanda chotsamira, kamene anayamba kukonza tsiku lomwelo. Anati mlongo wawo kuyambira ali mwana sankafuna kukhala pamphasa, ankalimbirana kampando ka atate awo mpaka kulira. Anakasema ndi paini wabwino amene anasunga kalekale, n'kukapaka mafuta mpaka kukawala. Pambali pa kampandoko panabwera nyemba za kuno, mbatatesi, ndi mabulosi amene mayi woyandikana nafe anaumirira kuti titenge. Ndinayesa kuwafotokozera kuti katundu ali ndi malire ake pa sikelo. Ababa anachotsa malaya awo ena m'chikwama kuti nyemba zisatsale.

Tsiku la ulendo theka la bairo linatiperekeza mpaka pamsewu. Amayi a kwaya ya ababa anabwera kudzapemphera. Tinafika ku bwalo, tinapereka katundu, tinakhala. Dzuwa linakwera. Kenako anatiuza kuti ndege siibwera, tiyesenso mkuja. Ine ndinaganiza kuti basi mamilya apita ndipo ndawavutitsa okalamba pachabe. Ababa ndiwo sanadandaule. Titatsika galimoto pakhomo, anthu akutuluka m'nyumba modabwa, anawauza kuti iwo ndi munthu woyamba mu Sanjala kupita ku Nampula n'kubwerera chakudya chamasana chisanapse. Mabulosi aja tinadya ndi ana a pamzere wathu.

Ulendo wachiwiri sitinauze munthu. Kunali kozizira kwambiri m'mawa umenewo, nkhungu ili m'mitengo ya paini, ndipo ababa anavala kazako wawo wamkulu wakuda pamwamba pa juzi. Titamva kulira kwa ndege ikutera, anthu onse m'chipinda chodikirira anawomba m'manja. Ababa anakwera makwerero pang'onopang'ono, ndodo kudzanja limodzi, ine kudzanja linalo. Pakhomo anaima n'kugogoda khoma la ndege ndi chala, akumvetsera ngati mmene amachitira ndi thabwa. Mtsikana wolandira alendo anamwetulira n'kuwafunsa ngati lawakhutiritsa. Anayankha kuti ndi lopyapyala koma mwina eni ake akudziwa.

Ndinawakhazika pawindo. Ndege itayamba kuthamanga anandigwira dzanja mwamphamvu, milomo ikuyenda ndi pemphero. Titanyamuka, mzinda wonse unapendekeka pansi pathu, madenga a malata, misewu yofiira, minda ya nyemba m'zigwa. Dzanja lawo linamasuka. Anakanikiza mphumi pagalasi ndipo sanaichotsenso. Anandifunsa kumene kuli Mandimba. Ndinaloza mongoyerekeza, chifukwa nanenso sindinkadziwa bwino. Anayang'ana nthawi yaitali mapiri ndi tchire, mitsinje yooneka ngati ulusi.

"Ndiye tinkabisala chiyani, mwana wanga," anatero chapansipansi. "Kuchokera kuno munthu saoneka n'komwe."

Kenako anaseka okha, n'kuyamba kufufuza kathebulo kopinda ka kumbuyo kwa mpando. Anakatsegula ndi kukatseka kangapo, akuyang'ana polumikizira pake, ndipo anati akafika kunyumba akapanga kotere kakukhitchini. Atatipatsa tiyi ndi bolasha, kabisiketi kaja, tiyi anamwa koma bolasha anaika m'thumba la kazako kuti akapatse mlongo wawo. Asanamalize kundiuza za njira imene tinadutsa pothawa, mawu anamveka kuti timange malamba, tikutera. Anandiyang'ana ngati ndawanamiza. Anafunsa ngati Cuamba tamudutsa kale osaima.

Kutentha kwa Nampula kunatilandira pakhomo pa ndege. Ababa anavula kazako, kenako juzi, ali pamakwerero pomwepo, anthu akudikira kumbuyo. Kunja kwa chipata kunali gulu la anthu, ndipo ine ndinkafunafuna nkhope imene ndinkangoidziwa pazithunzi za m'telefoni. Ababa ndiwo anayamba kuwaona. Anali mayi wamfupi, wovala kapulana, nsalu ya chitenje, yatsopano yosachapidwa, atagwiridwa mkono ndi mwana wawo wamkazi. Awiriwa anaima moyang'anizana, osadziwa choyamba. Azakhali anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Achimwene," anatero, "tsitsi munalisiya kuti?"

"Ku Malawi, achemwali. Nanga inu mano?"

Anaseka mpaka kugwirana kuti asagwe, ndipo kusekako kunasanduka kulira popanda wina kuzindikira pamene kwasinthira. Ine ndi msuweni wanga, amene ndinali kumuona koyamba, tinangoima ndi katundu, nafenso tikupukuta m'maso. Woyendetsa galimoto amene anatidikira sanatifulumizitse.

Masiku a ku Nampula anali ofanana ndipo onse anali okoma. M'mawa azakhali ankatulutsa kampando kawo pansi pa mtengo wa mango, osalola wina aliyense kukhalapo, ngakhale adzukulu. Ababa ankakhala pampando wansungwi pambali pawo. Ankalankhula chinenero cha ubwana wawo, Chinyanja chosakaniza ndi Chiyao, chokhala ndi mawu amene ine sindinawamvepo m'kamwa mwa ababa. Azakhali akaiwala n'kulowetsa Chimakua, ababa ankawadzudzula kuti alankhule zomveka. Ankakangana za mbuzi ina imene inasowa ali ana, aliyense akuti anaitaya ndi mnzake. Ankawerengana mayina a anthu a m'mudzi, nyumba ndi nyumba, kuyambira kumtsinje kukwera kumtunda, wina akaiwala wina n'kukumbutsa. Pena azakhali ankasankha nyemba za ku Lichinga m'lichero, akuzinunkhiza.

Ine ndinali pa feriya, tchuthi cha kuntchito, choncho sindinkathamangira kanthu. Msuweni wanga ananditenga kumsika, anandiphunzitsa kuphika masamba a chinangwa ndi kokonati, ndipo tinapeza kuti tonse awiri timaluma mlomo tikamaganiza, monga ankachitira agogo amene tonse sitinawadziwe bwino.

Tsiku limene ndinati ndikagule matikiti obwerera, amuna anga anaimba telefoni. Ndinamva kuti akudziletsa kuseka. Anati wailesi yalengeza kuti kampani ija yaimitsa maulendo onse, ndipo ofesi yake ya m'tauni yatsekedwa ndi unyolo. Ndinatsegula telefoni kuti ndione timamilya tochepa timene tinatsala. Tsambalo linangozungulira, silinatseguke, ndipo silinatsegukenso mpaka lero. Ndinakhala pakhonde ndikuganiza kuti tikanachedwa pang'ono chabe, ababa bwenzi ali kumsasa kwawo akupala matabwa, kampando kali pakona. Ndinaganiziranso mayi wa pa balkau uja.

Koma tsopano panali funso la kabwereredwe. Mipando ya ndege zina zimene zinatsala inali yolimbirana, ndipo mtengo wake unakwera moti sindikanakwanitsa anthu awiri. Basi ababa sakanaitha. Ndinawauza nkhaniyi madzulo tikudya, ndikuopa kuti ada nkhawa. Azakhali ndiwo anayankha. Anati iwo anakhala ndi munthu wa njanji moyo wawo wonse, ndipo sakumvetsa chifukwa chake anthu ophunzira amaiwala komboyo. M'sitima munthu amatambasula mwendo, amaimirira, amayenda. Tikwera ya ku Cuamba, tikagona kwa mlamu wawo, kenako tikadikira ya ku Lichinga. Ndinaona kuti akuti "tikwera", ndipo msuweni wanga anaonanso.

"Amama, mukupita kuti inu?" anafunsa.

"Kwathu," anatero azakhali. "Amene ndinkamudwazika anapita. Ndikudikiranso chiyani kuno? Munthu uyu ndi wokalamba, sangayende yekha ndi mwana."

Mwana wake ndinali ine, mayi wa imvi zanga.

Ulendo wa komboyo unali wautali ndipo sindinaufune kuti ufupike. Azakhali anali ngati mwini sitima. Ankadziwa siteshoni iliyonse isanafike, ankadziwa kumene anyezi ndi otchipa ndi kumene nthochi ndi zokoma, ndipo sitima ikaima ankatulutsa mutu pawindo n'kumatsitsa mitengo mu Chimakua mpaka ogulitsa kuseka. Pofika ku Malema pansi pa mipando yathu panali podzaza anyezi, adyo ndi nzimbe. Ababa ankayenda m'kanjira ka pakati atagwira mipando, akucheza ndi aliyense, ndipo aliyense anamva kuti iwo popita anapita pa ndege, ulere, ndipo kampaniyo inagwa iwo atangotsika. Mmene ankaifotokozera, zinkamveka ngati inadikira dala kuti iwo afike kaye. Mapiri amiyala aja amene anawaona kuchokera kumwamba tsopano ankadutsa pawindo limodzilimodzi, ndipo anati akuwakonda kwambiri chonchi, poti munthu amatha kuwapatsa ulemu wake.

Ku Cuamba tinakhala masiku angapo kudikira sitima ya kwathu. Itanyamuka n'kuyamba kukwera mtunda, mphepo inasintha. Azakhali anayamba ndi kufunda kapulana yachiwiri, kenako yachitatu, kenako analanda kazako wa ababa. Ankayang'ana dothi lofiira, udzu wautali, ndi nyumba zofolera udzu m'mphepete mwa njanji. Mitengo ya paini itayamba kuoneka anagwira bondo la ababa. Amuna anga anatidikira pa siteshoni ndi galimoto yobwereka, ndipo ataona kuti tapita awiri tabwera atatu, ndi matumba a anyezi pamwamba, anavula chipewa n'kuwagwadira azakhali ngati mkamwini watsopano.

Nditabwerera ku ofesi ndinapeza mnzanga wampira ali wokhumudwa kwa nthawi yoyamba chimudziwireni. Phiri lake lonse linapita. Analembetsa dzina kumene ankati olandidwa alembetse, koma palibe chinatuluka. Patapita miyezi kampani ina inayamba kutera ku Lichinga, ndipo atafunsa anamuuza mwaulemu kuti malonjezo a ena iwo sakuwadziwa, akafuna ayambe nawo pachiyambi. Anadandaula sabata ingapo, kenako chisangalalo chake chinabwerera chokha. Masiku ano amaonera timu yake pa baraka ina, kamalo komwera ka ku Lulimile, ndipo amati pamenepo ndi bwino chifukwa woyimbira mpira akalakwitsa amatha kumutukwana m'Chiyao anthu n'kumva.

Azakhali anati akhala mwezi umodzi. Ankadandaula za kuzizira m'mawa uliwonse, ankati madzi a kuno amaluma, koma mwezi utatha sanatchule za kubwerera ndipo ife sitinawakumbutse. Analowa kwaya ya ku Chiuaula. Anatenga khitchini yanga pang'onopang'ono mpaka ine ndinayamba kupempha chilolezo chogwira mphika.

Kutayamba kufunda, mvula isanagwe, awiriwa anapempha kuti tiwatengere kumudzi wakale. Amuna anga anayendetsa pang'onopang'ono chifukwa cha chiuno cha ababa, tikuima pafupipafupi. Mudziwo tinaupeza uli ndi anthu ena, obwera nkhondo itatha, ndipo palibe anatidziwa. Anatilandira bwino komabe, ndipo bambo wina anatiperekeza kumanda. Tinalambula udzu pamene ababa ndi azakhali anagwirizana kuti ndi pa makolo awo, titapemphera tinakhala kanthawi. Ndinkayesa kuti tsikulo likhala lolemera, koma pobwerera kugalimoto azakhali anamva phokoso la madzi kumunsi n'kuima. Anati mtsinje uja ulipobe. Ababa anati n'kutali, sangafike. Azakhali anawauza kuti munthu wokwera ndege sangalephere kamtunda kotere.

Anatsetsereka awiri, atagwirana, ndodo imodzi pakati pawo. Pamwala wina waukulu wosalala anakhala pansi, anavula nsapato n'kundipatsa kuti ndigwire. Amayi amene ankachapa tsidya lina anasiya kuchapa n'kumaonerera nkhalamba ziwiri zachilendo zikuviika mapazi m'madzi. Azakhali anatunga madzi m'manja n'kuwawaza ababa kumaso. Ababa anawaopseza ndi ndodo, kenako nawonso anawerama, mosamala chifukwa cha chiuno, n'kubwezera.